Mutu 6: Khadi la Mabowo Awiri

1. Pachipata

Basi ya sukulu inafika patsinde pa phiri mame asanaume. Ana khumi ndi awiri a kalabu yokwera mapiri anatsika akudziwongola, aliyense ndi chikwama kumsana. Woyamba kutsika anali mtsikana wamtali amene anzake ankamutcha Chiwala, chifukwa masitepe a kusukulu ankawakwera awiriawiri.

Atayenda pang'ono anabwerera kukathokoza adalaivala. Iwo anatenga lalanje limene linali pafupi ndi chiwongolero n'kumupatsa, amvekere akadyere pamwamba.

Ulendowu sunali wongokaona malo. Madamu a jogalafe, amene ankayang'anira kalabuyo, anali atafotokoza zonse mkati mwa sabata. Njira yake inali ya makilomita khumi ndi anayi, yodutsa pa nyanja zitatu zazing'ono za pamwamba pa phiri. Pa nyanja iliyonse panali chikwangwani, ndipo pachikwangwanipo anamangirirapo kachitsulo koboolera makhadi. Amene akanafika pachipata ndi khadi la mabowo atatu isanakwane folo koloko, ndi amene akanalowa m'gulu lopita ku phiri lalikulu pa tchuthi.

Chiwala anali atadikira chaka chathunthu. Chaka chapitacho chifuwa chinamugwira sabata ya ulendo, anzake n'kupita iye ali gone. Chaka chotsatira chinali cha mayeso, ndipo ana a mayeso saloledwa kupita kumapiri. Mwayi wake unali umenewu basi.

Pachipata panali kanyumba kamatabwa. Munatuluka mayi wamfupi wa imvi, atavala jekete lobiriwira lotuwa m'mapewa. Amenewa ndiwo anali oyang'anira njira. Anagawa makhadi, kenako anapempha munthu mmodzi kuti alowe akalembe mayina onse m'buku lalikulu la alendo. Analowa Mlembi, mtsikana wofatsa amene ankasunga kaundula wa kalabu.

Nthawi yomweyo Madamu anazindikira kuti bokosi la mankhwala latsala m'basi. Anatuma msuweni wake wa Chiwala, mnyamata amene sukulu yonse inkamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Wailesi anathamanga, akulankhula yekha.

Oyang'anira njira sanadikire. Anaimirira pa sitepe n'kuyamba.

"Ana anga, tcherani khutu. Njira iyi ndi yozungulira. Mukwerera pano, koma mudzatsikira uko, kuseri kwa mitengo ya paini ija. Pamene mwadutsa mwadutsa, simupaonanso lero. Wina asasiye chipewa pamwala n'kumati ndidzatenga pobwerera. Kulibe pobwerera.

"Tsatirani penti wachikasu amene ali pamiyala. Pentiyo tinapaka mbali imodzi yokha, yoyang'ana munthu amene akupita kutsogolo. Mukatembenuka, miyala yonse imafanana. Ndaonapo akuluakulu a ndevu zawo akuzungulira malo amodzi mpaka dzuwa kupendeka.

"Nyanja zathu n'zokongola, koma madzi ake amaluma. Osasamba. Ikamakwana wani koloko, chifunga chimayambira pa nyanja yoyamba, chifukwa ili m'chigwa. Chikam'peza munthu amene wavala malaya okha, amayamba kunjenjemera. Kenako amasiya kunjenjemera n'kuyamba kuwodzera, ndipo tulo timeneto si tabwino. Choncho jekete lanu lisatalikirane nanu. Komanso wina asayende yekha. Mukayambana, yambanani mukuyendera limodzi."

Ana anaseka. Madamu anapempha Chiwala kuti apemphere, ndipo iye anangopempha zinthu ziwiri: miyendo yolimba ndi kubwerera onse. Pamene ankati ameni, Wailesi anatulukira ali wefuwefu ndi bokosi lija, Mlembi nayenso n'kutuluka m'kanyumba akutseka cholembera. Palibe amene anakumbukira kuti awiriwa sanamve mawu aja.

2. Mabowo awiri

Madamu anatsogola. Kumapeto kwa mzere anaikako Wailesi, amvekere bola mawu ake akumveka, adzadziwa kuti kumbuyo kuli bwino. Anati aliyense ayende monga mwa mphamvu zake, koma onse akakumane pa nyanja yachitatu. Kumeneko ndiko akadye ndi kuwerengana.

Kalabuyi inali ndi chizolowezi chake. Lachitatu lililonse ankakwera kaphiri ka kuseri kwa sukulu, kamene kali ndi kanjira kamodzi kokha. Wotopa ankakhala pamwala wafulati wa pakati, anzake n'kumutenga potsika. Zinali zozolowereka moti sankachita kuuza aphunzitsi.

Njira inayamba ndi nkhalango. Pansi panali pofewa ndi masamba a paini, ndipo kamtsinje kankamveka koma osaoneka. Mitengo inayamba kufupika, kenako inatheratu, n'kutsala udzu ndi miyala. Mphepo inasintha fungo.

Nyanja yoyamba inangowatulukira mwadzidzidzi, ili phee m'chigwa, phiri lonse likuoneka chadodolido m'madzimo. Ngakhale Wailesi anaima n'kuiyang'anitsitsa. Kenako anati akanakhala nsomba ya muno akanapempha bulangeti.

Chiwala anaboola khadi lake. Akutembenuka anaona Mlembi akutsimphina. Nsapato zake zinali zatsopano, zimene achemwali ake anamugulira sabata yomweyo, ndipo zinkamudya chidendene. Chiwala anagwada, n'kumumata pulasitala amene anali m'thumba mwake. Wailesi anafika n'kulanda chikwama cha Mlembi, amvekere dona ngati imeneyi siyenera kunyamula katundu pali amuna. Mlembi anamwetulira n'kuuza Chiwala kuti atsogole, iye abwera pang'onopang'ono.

Chiwala anapitirira. Nyanja yachiwiri inali yaing'ono, yakuda, yozunguliridwa ndi matanthwe. Anaboola kachiwiri. Kuchokera pamenepo njira inali yokwera yokhayokha mpaka pampata, pamene phiri limatseguka ngati khomo.

Atafika pampatapo anaima. Kutsogolo, cha m'munsi, nyanja yachitatu inkanyezimira. Ankatha kuona chipewa chofiira cha Madamu ndi anzake angapo akuyandikira chikwangwani. Unali mtunda wa theka la ola. Wotchi yake inkati kota pasiti thwelofu. Nthawi inalipo yambiri.

Pamwala panakhala anyamata awiri amapasa a m'kalasi mwake, akupuma. Chiwala anasenda lalanje lija. Anawapatsa timagawo tiwiri, ndipo m'malo mopitirira anaganiza zodikira msuweni wake kuti nayenso alaweko.

3. Zikwama ziwiri

Anayamba kumva mawu, mwini wake asanaoneke. Wailesi anatulukira akukwawa, chikwama china kumsana, china pachifuwa, akuuza miyala za kuipa kwa mapiri.

"Waona mkazi wanga, mmene mwamuna wako akuvutikira?" anatero poona Chiwala. Ankamutcha choncho chiyambire ali ana, monga amachitira asuweni.

Chiwala sanaseke. Maso ake anali panjira ya kumbuyo kwa Wailesi, imene inalibe munthu.

"Mwini chikwamachi ali kuti?"

"Matuza amugwira. Wakhala pa nyanja yoyamba. Ndamuuza kuti apume, tidzamupeza pobwerera."

Anawonjezera kuti chikwamacho anaiwala kumubwezera, wachizindikira ali kale pa nyanja yachiwiri, ndipo Mlembi adzamuthokoza kuti sichinamulemere.

Chiwala anatsegula chikwamacho. Pamwamba penipeni panali jekete, lopindidwa bwino. Pansi pake panali botolo la madzi ndi chakudya chamasana.

"Msuweni, sitibwerera kumeneko," anatero motsitsa mawu. "Njirayi ndi yozungulira. Anatiuza pachipata iwe uli kubasi."

Wailesi anatembenuka. Anayang'ana mapasa. Iwo anagwedeza mitu kuvomereza. Onse anayi anatembenukira kuchigwa. Kumene kunali nyanja yoyamba kunali kutayamba kuoneka kamzere koyera ngati utsi.

Mmodzi wa mapasa anati athamange akauze Madamu. Chiwala anawerengera pa zala. Kukafika kwa Madamu, theka la ola. Madamu kukwera kubwerera pampata, n'kutsikira ku nyanja yoyamba, maola awiri. Koma kuchokera pamene anaimapo, munthu wa miyendo akanafika pa ola limodzi.

Wailesi anati apita yekha, poti mlandu ndi wake. Chiwala anamukumbutsa kuti kuyenda wekha n'koletsedwa, komanso kuti penti saoneka pobwerera. Zimenezinso iye sanazimve. Mapasa anawerama, aliyense akuyang'ana khadi lake. Chiwala sanawapemphe.

Anayang'ana nyanja yachitatu kamodzi, n'kutseka chikwama cha Mlembi, n'kuchikoleka paphewa.

Anauza mapasa kuti atsike msanga limodzi, akauze Madamu zonse. Madamu anali ndi foni, ndipo pa nyanja yachitatu pamagwira netiweki. Aimbire oyang'anira njira kuti akwere kuchokera kumunsi. Iye ndi Wailesi abwerera.

Apa Wailesi anabwera ndi nzeru ina. Anati Chiwala apereke khadi lake kwa mapasa akamuboolere. Lamulo limangoti mabowo atatu. Mapasa anavomereza, wina mpaka anatambasula dzanja.

"Nyanjayo waiona kale, ndi iyo apo," anatero Wailesi. "Kusiyana kwake n'chiyani?"

Chiwala anatulutsa khadi. Analigwira kanthawi, mphepo ikulikupiza. Kenako analibwezera m'thumba n'kutseka zipi.

"Bowo limenelo limanena kuti ndafika. Ine sindinafike. Tiye, msuweni."

4. Kuyenda chotembenuka

Mpaka pa nyanja yachiwiri zinthu zinali bwino, chifukwa njira inkaoneka. Atadutsa pamenepo analowa pakati pa matanthwe, ndipo zimene ananena mayi aja zinachitikadi. Miyala yonse inali yotuwa, yofanana. Penti panalibe.

Chiwala anaima n'kutembenuka ngati munthu amene akukwera. Pomwepo anaona kadontho kachikasu kuseri kwa mwala umene anali atangoudutsa.

Anagwirizana chochita. Wailesi aziima pamwala wa penti, osasuntha. Chiwala azitsogola mapazi makumi awiri kapena atatu, akutembenukatembenuka, mpaka atapeza penti wina. Akamupeza aziitana, Wailesi n'kubwera. Akapanda kumupeza azibwerera pa Wailesi n'kuyesa mbali ina.

Kunali kochedwetsa, koma kunkatheka. Atachita choncho kasanu ndi kawiri, chifunga chinawapeza. Chinabwera mwakachetechete, chonyowa, ndipo posakhalitsa Chiwala sankaona ngakhale chikwama cha msuweni wake.

"Lankhula," anamuuza. "Usasiye. Ndizitsata mawu ako."

Wailesi anayamba. Analakatula mayina a mitsinje imene Madamu anawaphunzitsa. Anafotokoza mmene agalu a aneba awo anadyera sokosi zake. Anatchula ana onse a m'kalasi motsata kaundula. Sanaleke.

Kamodzi Chiwala anasochera. Phazi lake linalowa m'matope ozizira mpaka m'kakolo, ndipo kutsogolo kwake kunali phompho limene sankaona pothera pake. Anaima osasuntha. Anapemphera mawu ochepa chamumtima, kenako anamvetsera. Kumanzere, patali ndithu, kunkamveka munthu akufotokoza kusiyana kwa ng'ona ndi buluzi. Anabwerera potsata mawuwo.

Anafika pa nyanja yoyamba itadutsa hafu pasiti wani. Madzi sankaoneka. Pamwala pamene Wailesi anasiya Mlembi panalibe munthu.

Chiwala anatulutsa wezulo m'chikwama mwake n'kuliza katatu. Anadikira. Analizanso. Kenako anamva kachifuwa kuseri kwa chikwangwani.

Mlembi anali atadzipinda pansi, mawondo pachibwano, manja m'khwapa. Malaya ake anali atanyowa. Milomo inali itatuwa. Anawayang'ana ngati munthu amene wadzutsidwa pakati pa tulo, n'kufunsa mwaulesi ngati enawo atsala pang'ono kufika.

Chiwala anagwada pambali pake. Anamuveka jekete, pamwamba pake n'kuwonjezera lake. Anatsegula fulasiki ya tiyi n'kumugwirira kapu, chifukwa zala za Mlembi sizinkatha kugwira. Wailesi anavula nsapato zake, n'kuvula sokosi zouma, n'kumuveka. Kenako anayamba kumutikita manja.

"Ndakulakwira, chemwali," anatero. "Ndinakusiya pamalo pamene palibe amene akanabwera. Ndinatenganso jekete lako."

Mlembi anamuyang'ana, kenako anayang'ana Chiwala. Tiyi anali atayamba kugwira ntchito, ndipo anayambanso kunjenjemera. Anamvetsa pang'onopang'ono.

"Ndiye khadi lako?" anafunsa.

"Idya buledi," anatero Chiwala, akumutulutsira chakudya chamasana chija.

Nsapato zatsopano zija anaziponda kumbuyo kuti zisakhudze matuza, n'kuzimanga ndi zingwe zake kuzungulira phazi. Anamuimiritsa, wina mbali iyi wina mbali iyo, n'kuyamba kutsika.

Atalowa m'nkhalango chifunga chinachepa. Posakhalitsa anamva ndodo ikugogoda pamiyala. Anali oyang'anira njira, akukwera mofulumira kuposa msinkhu wawo, bulangeti paphewa. Sanakalipe. Anagwira manja a Mlembi, anamuyang'ana m'maso, anamufunsa dzina la tsikulo, n'kumufunditsa. Atatero anafunsa kuti pa matanthwe paja adutsa bwanji m'chifunga.

Wailesi anafotokoza. Mayi aja anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anamuyang'anitsitsa Chiwala.

5. Lamulo

Anafika pachipata itatsala pang'ono kukwana folo. Enawo anali atafika kale, atakhala phee pa udzu. Madamu anathamanga n'kukumbatira Mlembi, chipewa chofiira chija n'kugwa pansi. Adalaivala anali atayatsa kale injini kuti m'basi mufunde, ndipo anamunyamula Mlembi n'kukamugoneka pampando wautali wakumbuyo.

Madamu anasonkhanitsa ana. Mawu awo anali otsika.

"Ndisanatolere makhadi, ndinene kaye za ine. Ndinatuma ana awiri pa nthawi ya malangizo, ndipo sindinawabwerezere. Ndinati tikawerengane pa nyanja yachitatu, pamene ndimayenera kuwerenga pa nyanja iliyonse. Chizolowezi chathu chosiyana pamwala ndinkachidziwa, koma sindinachiletse. Zimenezi ndikazinena ndekha kwa ahedi Lolemba. Inu mumve ichi: zimene timachita pa kaphiri kathu sizigwira paliponse. Mukafika pamalo achilendo, funsani kaye. Ndipo mnzanu akaphonya malangizo, muuzeni, ngakhale aphunzitsi ataiwala."

Anayamba kutolera makhadi n'kumapereka kwa oyang'anira njira kuti adinde. Asanu ndi anayi anali ndi mabowo atatu. Atafika pa Chiwala, iye anapereka lake ndi manja awiri.

Mapasa anayamba kuchonderera. Anati anamuona ndi maso awo ali pampata nthawi ikadalipo. Ena anathirira ndemanga kuti akanafuna akanakhala woyamba kufika. Madamu anayang'ana oyang'anira njira.

"Khadi la mabowo awiri sindidinda," anatero mayi aja. "Ndakhala pachipata pano zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo sindinadindepo. Anthu a ku phiri lalikulu amakhulupirira chidindo changa chifukwa cha chimenecho. Mwanayunso sindikuganiza kuti angakondwe nditamudindira. Ndikunama, mwana wanga?"

"Ayi, mayi," anatero Chiwala. Mawu anatuluka bwinobwino, koma maso anali pansi.

Mayi aja analowa m'kanyumba. Anatuluka ndi buku lalikulu lija, n'kulitsegula kumapeto, kumene kunali masamba olembedwa ndi dzanja lawo. Anati kumeneko amalembako anthu amene anathandiza kupulumutsa wina paphiri. Munali mayina a asilikali, a madokotala ndi a alonda. Mwana wa sukulu munalibe. Anapereka cholembera kwa Chiwala, kenako kwa Wailesi.

Wailesi anakana, amvekere iye ndi amene anayambitsa zonsezi. Mayi aja anamuuza kuti zimenezo alemba iwo patsamba lina, iye alembe apa. Ana anaseka, ndipo wina anayamba kuwomba m'manja. Chiwala analemba dzina lake pang'onopang'ono, zilembo zoongoka. Atamaliza, mayi aja anamugwira chanza ngati mmene amagwirirana akuluakulu.

Kenako anatulutsa pepala. Anati njirayi amaitseka kumapeto kwa mwezi, madzi akayamba kuundana pamiyala. Latsala Loweruka limodzi. Khadi silifa mpaka tsiku limenelo. Chiwala atabwera n'kuzungulira njira yonse kuyambira pachiyambi, adzamudindira. Koma mwana amene sanabwere ndi sukulu ayenera kubwera ndi kholo lake, ndipo khololo lisaine kuti liyenda naye njira yonse. Mphunzitsi, mnansi kapena mnzake saloledwa.

Chiwala anathokoza. Analipinda pepalalo kanayi n'kuliika pamodzi ndi khadi. Madamu anaona kuti nkhope yake sinawale, koma sanafunse.

6. Kushopu

Basi inawatsitsa dzuwa litapendeka. Wailesi sanapite kwawo. Anati nkhaniyi akainena yekha kwa amalume ake, asanaimve kwa ena.

Bambo ake a Chiwala anali osoka nsapato. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi pakati pa ometa tsitsi ndi ogulitsa mabuku akale. Munkanunkhira guluu ndi chikopa. Nsapato zokonzedwa zinali pashelefu yapamwamba, zodikira zinali m'katoni pansi. Pakona, pafupi ndi mpando wawo, panatsamira ndodo. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo galimoto inawagunda akupalasa njinga, ndipo mwendo wawo wamanja unali ndi chitsulo mkati. Chichitikireni ngoziyo, ulendo wawo wautali unali wochoka kunyumba kufika pashopu.

Mayi ake analinso pomwepo, akusesa tizidutswa ta chikopa, khanda la miyezi itatu lili kumsana.

Wailesi anaima pakhomo, manja kumbuyo, n'kufotokoza zonse. Sanawonjezere, sanadzichepetsere mlandu. Aka kanali koyamba kuti afotokoze nkhani popanda wina kuseka. Bambo anamvetsera akusoka. Atamva za mapasa ndi khadi, singano inaima.

Anatambasula dzanja. Chiwala anawapatsa khadi. Analikweza cha kuwindo, kuwala n'kudutsa m'mabowo awiri aja. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Wandibweretsera mapepala ambiri a kusukulu, mayi," anatero. Ankamutcha choncho akakondwa naye. "Ena a nambala wani. Koma ili ndikaonetsa ometa tsitsi mawa."

Mayi anasiya tsache. Anamuvula Chiwala nsapato yamatope ija, n'kumukhazika pa benchi ya makasitomala. Kenako anati ayamike Mulungu kaye, poti ana atatu akanatha kugona paphiri. Anapemphera pomwepo, ataimirira pakati pa nsapato za anthu. Bambo anamugwira Wailesi paphewa, n'kumuuza kuti wachita bwino kubwera yekha.

Pepala lija Chiwala sanalitulutse. Amene analitchula ndi Wailesi.

Mayi analiwerenga mokweza. Atafika pa mawu akuti kholo liyende njira yonse, anatsitsa mawu. Anayang'ana khanda kumsana. Anati akanakhala kuti mwanayu wakula pang'ono akanayesa, koma adokotala sanawalole ngakhale kunyamula ndowa. Chiwala anati palibe kanthu, iye anadziwa kale ali pachipata. Anatambasula dzanja kuti atenge pepalalo.

Bambo analitenga iye asanalifikire. Anapukuta guluu kuzala ndi kansanza, n'kutenga cholembera chimene amalembera nambala pansi pa nsapato.

"Inu bambo," anatero mayi. "Mwendo umenewo umatupa mukangofika kumsika. Kukazizira simugona. Mukagwa pamiyala kumeneko, akunyamulani ndani? Mwanayu? Ndiye tidzati tamuthandiza?"

"Ndamva, mayi a ana."

"Mwamva koma mukulemba."

Bambo anasaina. Anaumitsa inki ndi mpweya, n'kupereka pepalalo kwa Chiwala.

"Wati ndi makilomita angati?"

"Khumi ndi anayi, bambo."

"Tikhale titafika nthawi yanji?"

"Isanakwane folo."

Anagwedeza mutu. Anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuimirira. Wailesi anathamangira ndodo, koma iwo anamuletsa ndi dzanja. Anati kuchokera pashopu kukafika kunyumba kudzera kumlatho ndi makilomita awiri, ndipo Loweruka lisanafike ali ndi masiku asanu ndi limodzi oyeserera kuyenda.

"Tseka shopu, mphwanga," anauza Wailesi. "Iwe mayi, tenga wotchi. Uziwerenga nthawi."

Anaponda sitepe yoyamba, mwendo wachitsulo uja n'kugwedera. Chiwala anaona chala chawo chikuyera pogwira chitseko. Anachisiya chitsekocho, n'kutulukira mumsewu.